Nguli ya a Fulgencio

Ndatsika sitima pa Portales,
mapazi akudandaula m'nsapato,
malaya akununkhabe mankhwala a m'wodi yachitatu.
Mvula yakata kumene. Msewu ukunyezimira,
agalu a padenga akuuwa ndege yopita kutali.

Pakona paja, kuseri kwa okonza matayala,
babu limodzi likulendewera pa waya,
ndipo pansi pake nyama ikuzungulira.
Timaitcha nguli:
nkhumba yodulidwa mopyapyala, yosanjikizidwa,
yofiira psuu ndi tsabola,
yonenepa kumutu, yowonda kumiyendo,
chinanazi chitakhala pamwamba ngati chisoti.

Mipando ndi yapulasitiki, isanu ndi umodzi,
wina anaumanga mwendo ndi waya.
Mbale amaziveka jumbo kuti asavutike kutsuka.
Pano safunsa dzina.
Amangoti, "Zingati?"
ndipo pomaliza umawerenga wekha zimene wadya,
iwo n'kukukhulupirira.

"Taco zitatu, a Fulgencio. Ndi zonse."
Zonse ndiye anyezi, timasamba tonunkhira tija,
ndi kachidutswa kouluka.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuwaonerera:
tortilla m'dzanja lamanzere,
mpeni ukusenga nyama chotsika,
kenako phaa! pamwamba,
chinanazi n'kudumpha m'malere
n'kutera pa taco ngati achiitana.
Osayang'ana n'komwe.
Amachita uku akukangana za mpira
ndi Nicanor woyendetsa takisi,
amene timu yake sinawinepo chikho chimudziwireni.

Lero chinanazi chinauluka,
chinapitirira,
chinakagwera m'chithaphwi pafupi ndi nsapato yanga.

Nicanor anasiyira mawu pakamwa.
Mnyamata wa njinga yamoto anazyolikira pa foni yake.
Wailesi yokha ndiyo sinadziwe kanthu.

Ine manja ndimawadziwa.
Ndimawagwira usiku wonse, kuwasaka mitsempha,
ndipo dzanja limenelo ndinaliona sabata yatha
likunjenjemera pondibwezera chenji.
Sindinanene. Kuno sindine nesi,
ndine mayi uja wa zitatu ndi zonse.

A Fulgencio anayang'ana mpeni
ngati achita kubwereka kwa munthu.
Anaupukuta pa epuloni. Anaupukutanso.

Pamenepo Itzel, chitsirizira wawo,
yemwe uja ankalembera homuweki pa kireti ya soda
miyendo isanayambe kufika pansi,
anasiya mandimu amene ankadula.
Sanapemphe. Sanalankhule.
Anangoima pambali pa bambo ake
n'kutambasula dzanja.

Moto unalira. Mafuta anadontha kawiri, katatu.
Mpeni unasintha mwini.

Anasenga nyama mokhuthala, mwa uphunzi,
chinanazi sanachiulutse ayi,
anachidula bwinobwino n'kuchiika ndi zala.
"Ukundithera nyama," anatero bambo ake,
koma anali atakhala kale pampando wawaya uja,
kapu ya madzi ofiira a jamaica ili pabondo,
maso ali pa chigongono cha mwana.
"Tsitsa dzanja. Mpeni ugone.
Usaikankhe, imabwera yokha."

Ndinafinyira ndimu, ndinathira salsa yobiriwira,
ija imanditulutsa misozi nthawi zonse,
ndiye palibe anadabwa.
Ndinadya choimirira, mutu utapendekeka,
msuzi ukutsetsereka pamkono
mpaka pa wotchi yowerengera kugunda kwa mitima.

"Zingati, mayi?" Mawu ake anali atsopano pa funsolo.
"Zitatu."
Ndinafufuza m'thumba. Kunyumba kuli mphaka yekha,
ndipo mphakayo adikira.
"Ayi, ikanso ina."

Pa yachinayi chinanazi chinadumpha pang'ono,
kutalika kwa chala basi,
n'kutera m'mphepete, theka lili panja.
A Fulgencio anatsokomola, osati kanthu.
Basi yomaliza inadutsa ikumwaza madzi,
Nicanor n'kuyambiranso za mpira
pamene anasiyira paja.